Anakhululukidwa, Koma Lamulo Linatsala

Nkhani ya lero ndi imodzi mwa zija zimene zikayambika m'minibasi, ena amatsitsa mawu pomwe ena amakweza mpaka osamvananso. Ndi nkhani ya amuna amene amakondana ndi amuna anzawo, akazi amene amakondana ndi akazi anzawo, komanso anthu amene thupi lomwe anabadwa nalo siligwirizana ndi mmene amadzionera. Anthu oterewa alipo ku Malawi, ku Zambia, ku Mozambique ndi kulikonse kumene kumakhala anthu. Chimene maiko a m'chigawo chino akhala akulimbana nacho kwa zaka zoposa 30 ndi chakuti kodi malo awo ndi kundende, kobisala, kapena pakati pa abale awo.

Pa 26 Disembala 2009, pa malo ogona alendo a Mankhoma Lodge mumzinda wa Blantyre panachitika chinkhoswe. Otomerana anali Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga, yemwe anzake ankangomutchula kuti Aunt Tiwo. Tiwonge, mwana wa ku Thyolo, ankagwira ntchito pamalo omwewo. Ankavala zachizimayi ndipo ankadziona kuti ndi mkazi, ngakhale anabadwa ndi thupi lachimuna. Mbiri itawanda, anthu anakhamukira kumeneko, ambiri osaitanidwa, kudzangoonerera. Nkhaniyo inatuluka m'nyuzipepala, ndipo patangopita masiku awiri apolisi anawanjata onse awiri.

Belo anawakaniza. Anakhala miyezi pafupifupi isanu ku ndende ya Chichiri akudikira chigamulo, ndipo pa masiku a mlandu khamu linkasonkhana panja pa bwalo n'kumawakuwiza akamatsika m'galimoto ya apolisi. Pa 20 Meyi 2010, majisitireti Nyakwawa Usiwa-Usiwa anawalamula kukakhala kundende zaka 14 akugwira ntchito yakalavulagaga, chomwe ndi chilango chachikulu kwambiri chimene lamulo limalola pa mlandu wotere. Cholinga chake sanabise: anati akufuna chilango choopsa kuti ena asadzayerekeze kutengera. Pa mlanduwo panalibe wodandaula kuti wagwiriridwa, panalibe mwana wochitidwa nkhanza, panalibe katundu wobedwa. Anali anthu awiri akuluakulu amene anagwirizana okha.

Pa 29 Meyi, mlembi wamkulu wa bungwe la United Nations, Ban Ki-moon, anakumana ndi Pulezidenti Bingu wa Mutharika ku Lilongwe. Zokambirana zitatha, Mutharika analengeza kuti wawakhululukira awiriwo. Anatsindika komabe kuti iwo alakwira chikhalidwe, chipembedzo ndi malamulo a dziko, ndipo akuwatulutsa pongowamvera chisoni. Pa nthawiyo ndalama pafupifupi 40 pa 100 zilizonse za mu bajeti ya boma zinkachokera kwa maiko ndi mabungwe opereka thandizo. Choncho m'misika ndi m'malo omwera tiyi anthu ambiri anaimva nkhaniyo mwanjira imodzi: azungu aopseza, boma lagwada.

Apa mpamene pagona mfundo ya nkhani yonseyi. Mphamvu yochokera kunja inatsegula chitseko cha Chichiri, koma sinafike m'mitima ya khamu lija linkakuwa panja pa bwalo. Zinthu zinafika poipiraipira. Mu Disembala chaka chomwecho, Nyumba ya Malamulo inaonjezera ndime 137A m'buku la malamulo a zilango, imene inaika zaka zisanu za kundende kwa akazi ogonana okhaokha, chinthu chimene ngakhale atsamunda sanachilembe. Mutharika anaisainira kumayambiriro kwa 2011. Tiwonge naye, ngakhale anatuluka m'ndende, mtendere sanaupeze m'dziko lake. Nkhope yake inali itadziwika paliponse, ndipo pasanapite nthawi yaitali anathawira ku South Africa, kumene wakhala mumzinda wa Cape Town ngati wothawa kwawo.

Mu Okutobala 2011, nduna yaikulu ya Britain, David Cameron, inanena kuti dziko lake likhoza kuchepetsa thandizo kwa maiko amene amamanga anthu oterewa. Mabungwe ambiri a mu Africa omenyera ufulu wa anthu omwewo anatsutsa maganizowo poyera. Ankadziwa bwino kuti mankhwala akasowa m'chipatala chifukwa thandizo ladulidwa, chala chidzaloza iwo, ndipo omenyedwa adzakhala iwo.

Mawu amene amamveka kawirikawiri pa nkhaniyi ndi akuti izi nzachilendo, zobwera ndi azungu. Koma mbiri ya lamuloli imanena zina. Ndime 153, imene imalanga kugonana kotchedwa kosemphana ndi chilengedwe, komanso ndime 156 yokhudza amuna okhaokha, sizinatuluke m'bwalo la Gomani, la M'mbelwa kapena la Kalonga. Zili m'buku la malamulo limene boma la atsamunda linakhazikitsa ku Nyasaland mu 1930. Gwero lake ndi malamulo amene Angerezi ankanyamula kupita nawo m'maiko ambiri amene ankawalamulira, kuyambira pa ndime 377 imene anailemba ku India mu 1860. Ku England ndi Wales lamulo lotere analichotsa mu 1967, patangopita zaka zitatu Malawi atalandira ufulu wodzilamulira. Bwalo lalikulu kwambiri la ku India linalithetsa mu 2018.

Otsutsa ali ndi yankho lawo, ndipo nlomveka. Amati kaya analemba ndani, Amalawi alisunga lamuloli okha kwa zaka 60 chifukwa likugwirizana ndi chikhulupiriro chawo. Nzoona kuti ambiri amalifuna. Chimene sichoona nchakuti khalidweli linabwera pa ndege posachedwapa. Kale mu 1907 boma la ku Transvaal linachititsa kafukufuku pa za maukwati a amuna okhaokha m'makomboni a ogwira ntchito m'migodi ya golide, migodi yomweyo imene agogo ambiri a ku Nyasaland anakagwirako ntchito kudzera ku Wenela. Akuluakulu akumudzi ankadziwa kuti zoterezi zimachitika. Ankazibisa, ankazinong'ona, mwina ankazinyoza, koma kutengera munthu kupolisi ndi kumutsekera zaka 14 ndi njira imene inabwera ndi boma la atsamunda.

Kuchokera mu 2010, boma la Malawi lakhala likupita kutsogolo n'kubwereranso m'mbuyo. Mu Meyi 2012, Joyce Banda atangolowa pampando, anauza Nyumba ya Malamulo kuti akufuna malamulowa achotsedwe, koma posakhalitsa anavomera kuti dziko silinakonzeke. Mu Novembala chaka chomwecho nduna ya zachilungamo, Ralph Kasambara, inalengeza kuti apolisi ayambe aleka kumanga anthu pa milandu yotere. Mu Disembala 2015 amuna awiri anamangidwa ku Area 25 ku Lilongwe anthu a m'deralo atawalowerera m'nyumba, ndipo nduna ina ya zachilungamo, Samuel Tembenu, inathetsa mlanduwo n'kubwereza kuti kumanga kunaimitsidwa. Mu 2016 abusa ena anakadandaula ku bwalo lalikulu ku Mzuzu, ndipo bwalolo linalamula kuti apolisi apitirize kugwiritsa ntchito lamulolo. Chaka chomwecho wandale wina wodziwika, Ken Msonda, ananena poyera kuti anthu oterewa ayenera kuphedwa. Gift Trapence wa bungwe la CEDEP ndi Timothy Mtambo wa CHRR anamutengera ku khoti, koma boma linauthetsa mlanduwo.

Munthu wamba amene akukhala pansi pa lamulo lotere sadziwa kuti aime pati. Lero akumva kuti samangidwa, mawa akumva kuti amangidwa. Amene amapindula ndi chisokonezochi ndi anthu ankhanza. Mu 2018 bungwe la Human Rights Watch linatulutsa lipoti la zimene linapeza litacheza ndi anthu oterewa ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Anafotokoza za kumenyedwa m'misewu, kugwidwa ndi apolisi popanda mlandu weniweni, kusalidwa ndi abale, ndi kunyozedwa ndi ogwira ntchito m'zipatala. Wovulazidwa saona chifukwa chopitira kupolisi, pakuti akangofotokoza chimene amumenyera, wadziulula yekha kuti ndi wopalamula. Wina akamuopseza kuti amuulula ngati sapereka ndalama, amangopereka.

Za kuchipatala nzimene zimakhudza aliyense, ngakhale amene safuna kumva nkhaniyi. Kafukufuku amene anatuluka mu 2009, wochitidwa ndi akatswiri a yunivesite ya Johns Hopkins mogwirizana ndi CEDEP, anapeza kuti mwa amuna ogonana ndi amuna anzawo amene anayezedwa ku Malawi, pafupifupi 21 mwa 100 alionse anali ndi kachilombo ka HIV. Ambiri mwa iwo analinso ndi akazi kapena zibwenzi zachikazi, chifukwa mwamuna akafika msinkhu wina abale amayamba kufunsa kuti mkazi ali kuti. Ndiye kuti mwamuna akaopa kukayezetsa chifukwa namwino amuseka kapena amuulula, amene ali pachiopsezo si iye yekha. Mkazi wake ali momwemo, ndi mwana amene adzabadwe. Unduna wa zaumoyo umazindikira zimenezi, ndipo ndondomeko za dziko zolimbana ndi Edzi zimawatchula amunawa ngati gulu lofunika kulifikira ndi makondomu, kuyezetsa ndi ma ARV. Boma limodzi lomweli likuwaitanira kuchipatala ndi dzanja limodzi, linalo litagwira unyolo.

Nanga anthu eniake amati chiyani? Bungwe la Afrobarometer linafunsa anthu m'maiko 33 a mu Africa mu 2014 ndi 2015 ngati angalole kukhala moyandikana ndi anthu amitundumitundu. Zotsatira zake zinaonetsa kuti Aafirika ndi ololera kwambiri: 91 mwa 100 alionse analibe vuto ndi munthu wa mtundu wina, 87 analibe vuto ndi wa chipembedzo china, 68 analibe vuto ndi munthu amene ali ndi HIV. Koma pa amuna kapena akazi okondana okhaokha, chiwerengero chinatsika kufika pa 21. Ku Malawi anali anthu 6 okha mwa 100 alionse, ku Zambia 7.

Chodabwitsa chili kutsidya kwa malire. Ku Mozambique, kafukufuku yemweyo anapeza kuti anthu 56 mwa 100 alionse angakhale bwinobwino ndi mnansi wotere. Mu Juni 2015 dzikolo linayamba kugwiritsa ntchito malamulo atsopano a zilango amene anachotsa ndime yakale ya Apwitikizi, ndipo panalibe chipolowe chilichonse. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, mtsogoleri wakale Joaquim Chissano anali atalembera kalata atsogoleri a mu Africa kuwapempha kuti asiye kusala anthu chifukwa cha amene amawakonda. Wodutsa pa msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu amadziwa kuti m'malo ena, monga pa Lizulu, msewuwo ndiwo malire. Mbali zonse ziwiri kuli Aphiri ndi Abanda, chilankhulo nchimodzi, maliro amayenderana, msika ndi umodzi. Koma chinthu chimene mbali ino chingamutengere munthu kundende zaka 14, mbali inayo si mlandu. Izi sizitanthauza kuti ku Angónia, mbali ya Mozambique ija, zonse zili bwino. Bungwe la Lambda, lomenyera ufulu wa anthuwa ku Mozambique, linakhala zaka zambirimbiri likupempha boma kuti lililembe m'kaundula osayankhidwa. Komabe nkovuta kunena kuti chikhalidwe cha Achewa ndi Angoni chimafuna ndende pamene abale awo a kutsidya akukhala popanda lamulolo.

Chitsanzo choyandikira kwambiri pa nkhani ya malamulo ndi Botswana, chifukwa nayo inalandira ndime zake kwa Angerezi, ndipo ndi dziko la anthu opemphera. Kumeneko zinthu zinayenda pang'onopang'ono. Bungwe la LEGABIBO, lomenyera ufulu wa anthuwa, linayamba ndi kumenyera kuti lilembedwe m'kaundula, ndipo linapambana ku bwalo lalikulu mu 2014 ndi ku bwalo la apilo mu 2016. Mtsogoleri wakale Festus Mogae, amene anaona Edzi ikusesa dziko lake, ananena poyera kuti sungalimbane ndi kachilomboka uku ukumanga anthu amene ukufuna kuwathandiza. Kenako wophunzira wina wa pa yunivesite, Letsweletse Motshidiemang, anatengera lamulolo ku khoti. Pa 11 Juni 2019 majaji atatu, mwa mawu a Michael Leburu, anagamula kuti boma lilibe gawo m'chipinda cha anthu awiri akuluakulu ogwirizana. Boma linachita apilo, koma mu Novembala 2021 bwalo la apilo linavomereza chigamulocho. Matchalitchi a ku Gaborone akulalikirabe chimene amakhulupirira, ndipo palibe mbusa amene wakakamizidwa kudalitsa ukwati umene saufuna. Angola nayo inachotsa lamulo lotere m'malamulo ake atsopano amene anayamba kugwira ntchito mu 2021.

Maiko ena alowera kwina. Ku Zambia, amuna awiri a ku Kapiri Mposhi analamulidwa kukhala kundende zaka 15 mu 2019. Kazembe wa America, Daniel Foote, atadzudzula chilangocho, boma la Edgar Lungu linakana kugwiranso naye ntchito mpaka anabwerera kwawo, ndipo awiriwo anadzakhululukidwa mu Meyi 2020. Nkhani yake ikufanana kwambiri ndi ya ku Blantyre: phokoso la akazembe, chikhululuko cha pulezidenti, lamulo osasintha. Ku Uganda, lamulo limene Yoweri Museveni anasainira mu Meyi 2023 linafika poika chilango cha imfa pa milandu ina yotere.

Kuti timvetse mmene mitima imasinthira, tiyenera kupita ku South Africa, m'ndende ya nthawi ya tsankho. Mu 1984 apolisi anamanga mnyamata wina wolimbana ndi ulamuliro wa azungu, Simon Nkoli, ndipo anali mmodzi mwa anthu 22 ozengedwa mlandu woukira boma pa mlandu wotchuka wa ku Delmas. Onsewo akanatha kunyongedwa. Ali m'ndendemo, Nkoli anauza anzakewo kuti iye amakondana ndi amuna. Ena anakwiya, ena anafuna kuti mlandu wake uzengedwe paokha kuti asawachititse manyazi. Koma anakhala naye miyezi ndi zaka, akudya limodzi, akuyembekezera chingwe chimodzi. Mmodzi wa iwo, Mosiuoa Lekota, yemwe anadzakhala nduna ya zachitetezo, anavomera pambuyo pake kuti Nkoli ndiye anamusintha maganizo, pakuti sakanatha kumuuza munthu amene anali wokonzeka kufera ufulu wa onse kuti ufuluwo sukumukhudza iye.

Nkoli atatuluka anayambitsa bungwe la GLOW mu 1988, ndipo mu Okutobala 1990 iye ndi Beverley Ditsie anali m'gulu la otsogolera ulendo woyamba wa anthu oterewa m'misewu ya Johannesburg. Ena mwa oyendawo anavala mapepala kumutu poopa kuchotsedwa ntchito. Mu 1996 malamulo atsopano oyendetsera dziko la South Africa anakhala oyamba padziko lonse kuletsa mwachindunji kusala munthu pa chifukwa chimenechi, ndipo mu Novembala 2006 maukwati awo analoledwa.

Koma dziko lomwelo likuonetsanso malire a lamulo. Mu Epulo 2008, Eudy Simelane, yemwe anasewerapo mpira m'timu ya dziko ya Banyana Banyana ndipo ankakhala poyera ngati mkazi wokonda akazi anzake, anagwiriridwa ndi kuphedwa ku KwaThema, kufupi ndi kwawo. Malamulo abwino onse aja analipo kale tsiku limenelo. Amalawi ambiri amene amakhala m'makomboni a ku Joni amadziwa kuti zolembedwa m'malamulo ndi zochitika mumsewu usiku zimatalikirana. Lamulo likachoka, apolisi amasiya kumanga ndipo wovulazidwa amapeza kokadandaula, zomwe ndi zazikulu. Koma ntchito yosintha mnansi imatsalabe, ndipo imagwiridwa ndi anthu amene amadziwana maso ndi maso.

Ku Malawi, kuonekera koteroko kwangoyamba kumene. Mu Juni 2021 kagulu ka anthu kanayenda m'misewu ya Lilongwe motsogozedwa ndi bungwe la Nyasa Rainbow Alliance, kukapereka chikalata cha madandaulo kwa akuluakulu a boma. Unali ulendo woyamba wotere m'dzikoli. Inali nyengo ya Covid, ndipo zophimba kumaso zinathandiza ambiri kubisa nkhope zawo. Poyerekeza ndi 2010, pamene mnyamata wina anamangidwa ku Blantyre chifukwa chongomata mapepala onena za ufulu wa anthuwa, kuyenda masana dzuwa likuswa mtengo kunali kusintha ndithu, ngakhale kochepa.

Mbali inayo inayankha ndi unyinji. Mu Julaye 2023 anthu zikwizikwi, Akhristu ndi Asilamu, anayenda m'mizinda ndi m'maboma osiyanasiyana. Ku Blantyre anatsogolera ndi Arkibishopu Thomas Luke Msusa. Uthenga wawo unali wokana maukwati a amuna kapena akazi okhaokha. Anthu amenewa sayenera kunyozedwa. Ambiri ndi amayi ndi abambo amene amaopadi kuti banja, lomwe ndi chitetezo chokhacho chimene mphawi ali nacho, likhoza kugwedezeka. Koma mlandu wotsutsa ndime zija, umene unali ku khoti pa nthawiyo, sunali wa ukwati. Lamulo la maukwati la 2015 linanena kale kuti ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi, ndipo palibe amene ankalitsutsa pa mlanduwo. Funso linali lakuti kodi anthu awiri akuluakulu ogwirizana apite kundende kapena ayi. Mafunso awiriwa akasakanizidwa, zokambirana zimafa zisanayambe.

Amalawi amadziwa kale kusiyanitsa tchimo ndi mlandu wa boma. Chigololo chimadzudzulidwa pa guwa Lamulungu lililonse ndi mumzikiti Lachisanu lililonse, munthu amadulidwa nacho mumpingo, koma palibe amene amapempha kuti wachigololo akakhale ku ndende ya Maula zaka 14. Papa Francis ananena mu Januwale 2023 kuti kukhala munthu wokonda amuna kapena akazi anzako si mlandu, ndipo malamulo omanga anthu otere ndi osalungama. Mu Disembala chaka chomwecho, mabishopu a Katolika ku Malawi anakana kuti ansembe awo azidalitsa mabanja oterewa, ngakhale Vatican inali italoleza madalitso ena. Ziwirizi zikhoza kuyendera limodzi. Mpingo uli ndi ufulu wokana kudalitsa, ndipo ufulu umenewo uyenera kutetezedwa. Koma kukana kudalitsa sikufuna wapolisi, selo kapena gulu la anyamata onyamula zibonga.

Dziko lino linaonapo chimene chimachitika unyinji ukagwirizana kuti kagulu kena sikayenera kukhalapo. Mu 1967 boma linaletsa a Mboni za Yehova, ndipo m'zaka zotsatira, makamaka mu 1972, nyumba zawo zinatenthedwa, ambiri anamenyedwa, zikwizikwi anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Chiletsocho chinachoka mu 1993. Lero a Mboni amagogoda pakhomo la aliyense, ndipo amene sagwirizana ndi chiphunzitso chawo amangowauza kuti zikomo, pitani bwino. Malamulo oyendetsera dziko a 1994 analembedwa ndi anthu amene ankakumbukira zimenezi. Nchifukwa chake muli ndime 19 yoteteza ulemu wa munthu, ndime 20 yoletsa tsankho, ndi ndime 21 yoteteza zachinsinsi za munthu.

Nkhani ya Edzi ikuphunzitsanso chimodzimodzi. Panali nthawi imene wodwala ankabisidwa kuchipinda, mbale yake n'kuikidwa payokha, ndipo pamaliro ankangoti wadwala nthawi yaitali. Mankhwala anathandiza kuthetsa manthawo, komanso kulankhula kwa mabanja. Kenneth Kaunda anauza dziko mu 1987 kuti mwana wake wamwalira ndi Edzi. Bakili Muluzi ananena zomwezo za mchimwene wake mu 2004, ndipo Nelson Mandela za mwana wake mu 2005. Anthu atazindikira kuti wodwalayo ndi mlongo wawo, mphunzitsi wa ana awo kapena mkulu wa mpingo wawo, kusalana kunayamba kuchepa. Pa nkhani ya lero, mabanja ambiri akadali pa gawo lobisa lija. Pali amayi amene amadziwa bwino za mwana wawo, amamukonda, amamutumizira ufa kutauni, koma kumpingo amaomba nawo m'manja pamene mlaliki akuti anthu otere ngoipa kuposa nyama. Mayi wotere sangathe kulankhula pamene kulankhulako kungakhale umboni womangitsa mwana wake, ndipo apa mpamene lamuloli likutsekereza njira yokhayo imene mitima imasinthira.

Mlandu wa ku khoti uja unali ndi odandaula awiri. Mmodzi anali Jana Gonani, yemwe monga Tiwonge anabadwa ndi thupi lachimuna koma amakhala ngati mkazi, ndipo bwalo la majisitireti ku Mangochi linamulamula kukhala kundende zaka zisanu ndi zitatu mu Disembala 2021. Wina anali Jan Willem Akster, nzika ya ku Netherlands, amene ankayankha milandu yoti anachita zadama ndi achinyamata omwe ankathandizidwa ndi bungwe limene iye ankagwirako ntchito. Kuphatikiza milandu iwiriyi kunavulaza kwambiri zokambirana, chifukwa kunalimbikitsa maganizo akuti nkhani yonseyi ndi ya azungu ndi kuononga ana. Kugona ndi mwana kapena kukakamiza munthu ndi mlandu waukulu, kaya wochitayo ndi ndani, ndipo ku Botswana, ku Mozambique ndi ku South Africa anthu amamangidwabe nawo. Chimene maikowa anachotsa ndi chilango cha anthu akuluakulu ogwirizana basi.

Pa 21 Juni 2024, bwalo lalikulu la ku Namibia linathetsa malamulo ake otere pa mlandu umene anabweretsa Friedel Dausab. Patangopita sabata imodzi, pa 28 Juni, majaji atatu a ku Blantyre, Joseph Chigona, Chimbizgani Kacheche ndi Vikochi Chima, anagamula mosiyana. Anakana dandaulo la Gonani ndi Akster, nati ndime zija sizikusemphana ndi malamulo oyendetsera dziko, ndipo amene akuona kuti nzosalungama akapemphe Nyumba ya Malamulo kuti izisinthe. Motero ndime 153, 154, 156 ndi 137A zinatsala momwe zinalili, ndipo nkhaniyo inapita kwa aphungu, omwe aliyense wa iwo amadziwa kuti m'dziko limene amapemphamo mavoti, anthu olola kukhala moyandikana ndi munthu wotere anali 6 okha mwa 100 pamene anafunsidwa.